Ayisikilimu wa mabisiketi wa m'shopu: mabisiketiwo amapita kuti?

MayiAKondwani
Abale ndithandizeni nzeru. Loweruka kunali kabethide ka mwana wanga ndiye ndinagula ayisikilimu wa cookies and cream wa malita awiri mu shopu ina yaikulu ku Lilongwe kuno, dzina sinditchula. Pa chivindikiro anajambula zibenthu za mabisiketi zikuluzikulu zoti munthu malovu kudzadza mkamwa, koma titatsegula pamwamba ponse panali ayisi wokhaokha wolasa mano, mtundu wake wotuwa, mabisiketiwo timadontho takuda apa ndi apo basi. Ana anadya poti ndi ana, koma ine mtima unandiwawa, ndalama yake si yamasewera. Kodi onse amakhala chonchi kapena ulipo wabwino? Nanga mumadziwa bwanji musanagule poti m'shopu salola kulawa?

Mjomba265
Mukanagula mafirizesi a malambe mayi, ana akanasangalala chimodzimodzi chenji nkutsala kkkk

MayiAKondwani
@Mjomba265 inu mwayamba kale. Ndafunsa za ayisikilimu.

WaKuRandburg
Pepani mayi. Apo pali milandu iwiri ndipo musaiphatikize. Ayisi wa pamwambayo si wa ku fakitale, ameneyo ndi umboni woti katunduyo anasungunukapo nkuumanso, kaya pa msewu, kaya mu firiji ya shopuyo magetsi atathima. Za mabisiketi ochepazo ndiye ndi kuumira kwa opanga. Wina akhoza kupanga wabwino shopu nkumuwononga, wina akhoza kupanga wachabechabe shopu nkumusunga bwinobwino.

AnamwinoLeeds
WaKuRandburg wanena zoona. Ayisikilimu amafuna kuzizira kwa madigiri -18 kapena kutsika pamenepo, nthawi zonse. Akangofundako pang'ono timadzi tina timasungunuka, ndiye akaumanso timadzi tija sitibwerera mwakale, timagwirana nkupanga ayisi wamkulu amene lilime limamumva. Zikachitika kangapo mumamva ngakhale timchenga mkamwa, ameneyo amakhala shuga wa mumkaka amene waundana payekha. Zikafika apo palibe chokonza.

Ine ndikamagula ndimafinya kontenayo m'mbali. Ikakhala yofewa ndimaisiya. Ndimayang'ananso kunja ngati kwakakamira chipale choyera kapena ngati mozungulira chivindikiro muli zomatamata zouma, zikakhalapo ndiye kuti zinayenderera nthawi ina. Ndipo musamatenge ya pamwamba mu firiji yotsegula ija, pisani mkono mutenge ya pansi.

Mjomba265
Kupisa mkono mpaka pansi alonda akukuyang'anani

AnamwinoLeeds
Ayang'ane, ndalama ndi yanga.

Chef_Ndirande
Ndilowepo pa nkhani ya kulemera chifukwa anthu ambiri sadziwa kuti pogula ayisikilimu amagulanso mpweya. Popanga amamenya zosakanizazo uku zikuzizira ndipo mpweya umalowa, zimenezo nzofunika ndithu chifukwa popanda mpweya sipuni siingalowe. Vuto ndi kuchuluka kwake. Otchipa ambiri amamenya mpaka lita imodzi ya zosakaniza itulutse malita awiri, kutanthauza kuti theka la kontena yanu ndi mpweya. Ndiye poti amagulitsa pa malita osati pa makilo, inu mumaona chikontena chachikulu nkumati mwapeza.

Njira yake ndi yosavuta, nyamulani makontena awiri ofanana kukula, lina dzanja ili lina dzanja ili. Yolemerayo ndi imene muli zinthu. Ena amalemba ma ml ndi magalamu omwe pa lebulo, werengani. Lita imodzi ikamalemera cha m'ma 500 magalamu dziwani kuti mpweya ndi wambiri. Kabokosi ka Ben & Jerry's ka 465ml kamalemera cha m'ma magalamu 400, taonani kusiyana kwakeko. Ku America anachita kuika lamulo, kuti chinthu chitchedwe ice cream chikhale ndi mafuta a mkaka osachepera 10% ndipo galoni imodzi ilemere osachepera mapaundi 4.5, chikapanda kukwana amalemba kuti frozen dairy dessert.

Tiya_waku_Indiana
Zoona Chef, kuno makontena ena aakulu ukayang'anitsitsa mawu oti ice cream palibe, alemba frozen dairy dessert timalemba tating'ono kumunsi. Anthu amangotola poona chithunzi.

MayiAKondwani
Eee ndiye ndapita kukatenga kontena ija, ndinaitsuka ndikusungiramo ndiwo. Choyamba pa zosakaniza alemba madzi, kenako shuga, kenako mafuta a zomera, mkaka wa ufa ukubwera pambuyo. Mabisiketi ali kumapeto kwenikweni.

Chef_Ndirande
Ndi zimenezo mayi. Amayamba kulemba chimene chachuluka nkumatsika. Madzi akakhala patsogolo musayembekeze zodabwitsa. Wabwino amayamba ndi kirimu kapena mkaka. Ndipo mafuta a zomerawo, kaya a palm kaya a kokonati, mumawadziwa mukameza, kumwamba kwa mkamwa kumatsala kamafuta kokakamira kosachoka msanga. Mafuta a mkaka amasungunuka nkupita.

BamboWaMapasa
Koma inu a Chef musatinyozere zathu. Si tonse tingakwanitse timabokosi tating'ono todulato. Ine kwanga kuli ana asanu kuphatikiza a mlongo wanga, ka 465ml ndikagawe bwanji, aliyense anyambite sipuni? Wa mafuta a zomerayo ndi amene amafika pakhomo pa ife anthu wamba ndipo ana sadandaula. Zoti kamafuta kakakamira kumwamba kwa mkamwa ndikuzimva lero.

Chef_Ndirande
Sindikunyoza achimwene, inenso ndimagula otchipa. Ndikungoti munthu adziwe chimene akulipira. Chondinyansa ndi pamene wa mpweya ndi madzi akugulitsidwa pa mtengo wa wakirimu chifukwa choti wachokera kunja ndipo kontena yake ndi yokongola.

BamboWaMapasa
Apo ndiye tagwirizana.

NaBanda_CT
Ine funso langa ndi lina. Bisiketi ya mu ayisikilimu ikhale yofewa kapena yokukutika? Chifukwa kunyumba kuno timakangana ndi bambo a kwathu nthawi zonse. Iwo amati ikafewa ndiye kuti yakhalitsa, ine ndimati imayenera kufewa.

WaKuRandburg
Yokukutika. Yofewa ndi phala.

Tiya_waku_Indiana
Ayi ayi ayi. Cookies and cream weniweni bisiketi yake imafewa, ndipo kukoma kwake kuli pomwepo. Bisiketi ndi chinthu chouma, mukaiika mu chinthu chonyowa imamwa chinyezi basi, chimodzimodzi mukaiviika mu tiyi, kungoti mu firiji zimachitika pang'onopang'ono. Ikamwa bwino imakhala yofewa koma yosaphwanyika, mano amalowa mosavuta ndipo kakuwawira ka koko kamamveka pakati pa kutsekemera konseko. Chimene ine ndimakana ndi bisiketi yoperedwa kukhala fumbi imene imadetsa ayisikilimu yense nkukhala wotuwa, ija anena mayi a Kondwani. Pamenepo kulikonse kumene mungatape kukoma kwake nkumodzi, palibe choti mukumane nacho. Ine ndimafuna sipuni ino ndipeze kirimu woyera, inayo ndigunde chibenthu chachikulu mpaka ndichite kuchikumba.

WaKuRandburg
Ndiye mukufuna bisiketi yonyowa mwadala? Anthu a ku America inu.

Tiya_waku_Indiana
Ndinabadwira ku Zomba aise, usanditaye kkkk

Chef_Ndirande
Nonse muli ndi mbali. Kuti bisiketi ikhalebe yokukutika mkati muja opanga amayenera kuikutira ndi mafuta kapena chokoleti kuti chinyezi chisalowe, kapena aphike bisiketi ya mafuta ambiri. Ndiye mukapeza yokukutika kwambiri patapita miyezi ili mu firiji, kawirikawiri chimene mukukukutacho ndi chokutiracho. Sikuti nzoipa, koma ndi chinthu china. NaBanda auzeni bambo kuti kufewa si kukhalitsa. Yokhalitsa imadziwika ndi fungo, imanunkha firiji kapena katoni.

NaBanda_CT
Ndawaonetsa foni, akuti a Chef mwalandira chiphuphu.

Gogo_Nachisale
Ana inu mukukangana za bisiketi, ife kale tinkangodikira wa njinga ndi belu lake, vanila kapena sitirobere, zatha. Ndiye tandiuzani, cookie dough amene adzukulu anga amalirira ku Manchester kuno ndi yemweyo mukunenayu?

AnamwinoLeeds
Ayi agogo, ndi awiri osiyana. Cookies and cream amaikamo mabisiketi ophika kale, akuda aja okhala ndi zoyera pakati, a mtundu wa Oreo. Cookie dough amaikamo timibulu ta ufa wokanda wa mabisiketi usanalowe mu uvuni, wa shuga wabulawuni ndi batala ndi tizidutswa ta chokoleti.

Gogo_Nachisale
Ufa wauwisi?? Ndiye ndakhala ndikuwapatsa ana zosaphika?

AnamwinoLeeds
Musade nkhawa agogo, wa m'shopu ufa wake amautenthetsa kaye kuti majeremusi afe, mazira nawonso amakhala otenthetsedwa. Choopsa ndi kukanda nokha kunyumba ndi ufa wa mu paketi ndi mazira auwisi nkuwapatsa ana, chimenecho ayi. Anthu amaopa mazira okha koma ufa wosaphika nawonso umatha kukhala ndi majeremusi otsegula m'mimba.

Tiya_waku_Indiana
Cookie dough ameneyo anatchuka ndi Ben & Jerry's. Kampaniyo anaiyambitsa anthu awiri, Ben Cohen ndi Jerry Greenfield, mu 1978 ku Burlington, Vermont, ku America, pa malo amene kale anali omwetsera mafuta galimoto. Maganizo oika ufa wokandawo anachokera kwa kasitomala wina amene sanalembe dzina lake mu 1984, ankagulitsa pa shopu yawo pompo, m'timabokosi anadzayamba mu 1991. Pomwe cookies and cream amalimbirana, a yunivesite ya South Dakota State amati anayamba ndi iwo mu 1979 pa fakitale yawo ya mkaka ya pasukulupo, makampani ena akuti ndi ife. Oreo yo ndiye ndi yakale kwambiri, 1912.

Mjomba265
Munthu anapereka nzeru ya mamiliyoni osalemba dzina. Ameneyo kwawo amamutukwana mpaka lero.

Phiri_wa_Chipata
Ine cookie dough ndinalawa kwa mlamu wanga ku Lusaka, sindinamalize. Kutsekemera kopweteka pakhosi, komanso timibulu tija timamveka shuga wosasungunuka m'mano. Ndimakonda wa Oreo chifukwa bisiketi yakudayo ili ndi kakuwawa kamene kamathyola shuga.

NaBanda_CT
Shuga wa m'manoyo ndi amene ena timamufuna a Phiri kkkk. Koma pali wachitatu amene simunamutchule, wa Biscoff. Mabisiketi a Lotus aja a ku Belgium, a shuga wopsereza ndi kafungo ka sinamoni. Ameneyo akamupanga bwino, ndi mizere ya zopaka zija mkati, enawa amachepa.

WaKuRandburg
Biscoff anthu angomukweza pa TikTok. Chilichonse pano Biscoff, keke Biscoff, khofi Biscoff. Ndipatseni Tennis biscuit ya Bakers ya kokonati ija ndiphwanyire mu vanila muone.

NaBanda_CT
Tennis ndi ya pa peppermint crisp tart, isiyeni komweko.

Dalitso_Area25
Pepani ndipatukeko pang'ono, kodi ndine ndekha amene ndikadya ayisikilimu mimba imafufuma nkumalira usiku wonse? Mtundu uliwonse, wodula wotchipa.

AnamwinoLeeds
Simuli nokha achimwene, ndipo ndife ambiri. Mu mkaka muli shuga wotchedwa lactose, ndiye anthu ambiri tikakula thupi limachepetsa mphamvu yogaya shuga ameneyu, amangodutsa nkukawira m'matumbo, mpweya ndi kutsegula m'mimba nkuyamba. Ambiri pang'ono amatha kupirira, makamaka akadya atakhuta kale chakudya china, vuto limabwera ndi mbale yodzadza. Chambiko ndi yogati ambiri siziwavuta kwambiri chifukwa shugayo amakhala atachepako powira. Alipo ayisikilimu opanda mkaka opangidwa ndi oats kapena kokonati, a mabisiketi omwe, kuno amapezeka, kumudziko mwina movutirapo. Koma zikamachitika ngakhale musanadye za mkaka kaonaneni ndi adokotala, musangoti ndi ayisikilimu.

Dalitso_Area25
Mbale yodzadzayo ndi imene ndimadya kumene. Zikomo anamwino.

Mjomba265
Dalitso siya ayisikilimu, bwera ku timu ya malambe. Malambe, shuga, madzi owiritsa, timapepala, mawa ukugulitsa pa geti ya sukulu. Ndinaphunzira ndi ndalama ya mafirizesi ine, mayi anga ankadzuka 4 koloko kumanga.

Gogo_Nachisale
Apo wanena mwana wanga. A malambe ndi a bwemba. Kuno ufa wa malambe amaugulitsa mu timapaketi todula m'mashopu a zaumoyo, ndinaseka.

BamboWaMapasa
Nanga poti tafika pa za firiji, magetsi akathima tsiku lonse ayisikilimu nkusungunuka, akayaka tingamuumitsenso? Kutaya kumawawa.

AnamwinoLeeds
Akangofewa m'mbali koma pakati pali polimba, kuzizira kukadalipo, bwezerani, kukoma kokha ndi kumene kutsike. Koma akasungunuka kukhala madzi nkukhala choncho maola, tayani bambo, makamaka poti mukupatsa ana. Mkaka ndi shuga majeremusi amaswana msanga, ndipo firiji siipha majeremusi, imangowagoneka. Majeremusi otchedwa listeria amapirira kuzizira bwinobwino. Mu 2015 kampani ya Blue Bell ya ku Texas inachotsa katundu wake yense m'mashopu chifukwa cha listeria mu ayisikilimu, anthu atatu anamwalira ku Kansas. Amayi oyembekezera ndi okalamba ndi amene amakhala pa chiopsezo kwambiri. Magetsi akathima musamatsegule dipi firiza, yodzadza bwino imasunga kuzizira nthawi yaitali kuposa yopanda kanthu, ndiye ikanimo mabotolo a madzi aziuma m'mipata.

BamboWaMapasa
Kusatsegulako ndi mapasa anga awa, Mulungu andithandize.

MayiAKondwani
Tabwererani kwa ine abale kkkk, mwafika ku Texas. Ndiye mwezi wa mawa kuli chinkhoswe cha mng'ono wanga, ndikufuna ndiyeserepo mitundu ingapo ndisanagule wambiri. Polawa ndiyang'ane chani?

Chef_Ndirande
Chabwino mayi. Gulani timakontena tating'ono ngati tilipo. Mukatulutsa mu firiji musadye pompo, dikirani mphindi 5 kapena 10 afeweko, chifukwa wozizira kwambiri amachititsa dzanzi lilime ndipo onse amangomveka ofanana. Wina akutapireni m'makapu inu osaona kontena, apo ayi maso adzakunamizani, wodula adzakoma chifukwa mukudziwa mtengo. Pakati pake mwani madzi wamba osazizira.

Yambani ndi koyera kokhakokha osatapa bisiketi. Ngati koyerako sikukoma pakokha, kungotsekemera basi osamveka mkaka, bisiketi siingapulumutse. Kenako lawani bisiketi payokha, imveke koko ndi kamchere pang'ono, isakhale yongoda mtundu. Ndiye dulani ndi mpeni kuchokera pamwamba mpaka pansi muone ngati zibenthu zafika pansi, ena amawaza pamwamba pokha kuti mukatsegula musangalale. Chomaliza, tapani sipuni imodzi muike pa mbale muisiye. Wa kirimu amasungunuka kukhala madzi okhuthala osalala. Wina patapita theka la ola amakhala ali chiimire, thovu lokhalokha timadzi tikutuluka pansi, ameneyo zolimbitsa zachuluka, ma gum aja mumawaona pa lebulo. Pang'ono si vuto, pafupifupi onse amaikamo ndipo amathandiza kuti ayisi asakule, koma akachuluka amatafunika.

Phiri_wa_Chipata
Kudya ayisikilimu mpaka mpeni ndi mbale yoyesera, a Chef mwasandutsa labu.

WaKuRandburg
Mayi mverani ine, pa chinkhoswe musavutike ndi zonsezo. Gulani vanila wabwino wolemera uja, vanila savuta kupeza ndipo mtengo wake umakhalako bwino. Mabisiketi gulani padera, ikani mu pepala la pulasitiki, phwanyani ndi botolo koma osapera, zitsale zibenthu. Vanilayo afewe pang'ono, sakanizani msangamsanga, bwezerani mu firiji. Mukafuna zofewa za a Tiya sakanizani dzulo lake, mukafuna zokukutika wazani pamwamba nthawi yogawa. Mabisiketi mumaika mmene mukufunira, palibe wokuumirani.

Tiya_waku_Indiana
Dzulo lake. Chonde dzulo lake.

AnamwinoLeeds
Kungoti posakanizapo asasungunuke mpaka madzi, mubwereranso ku ayisi uja. Mbale yosakanizira muiike kaye mu firiji izizire, ndipo pamwamba pa ayisikilimuyo yalani kapepala ka pulasitiki kogunda musanatseke.

NaBanda_CT
Kapena osagula nkomwe vanilayo. Kirimu womenya 500ml, chitini chimodzi cha condensed milk, vanila pang'ono. Menyani kirimuyo mpaka aime, thirani condensed mukuvundula pang'onopang'ono ndi sipuni, mabisiketi, mu firiji usiku umodzi. Safuna mashini. Koma ndi wotsekemera kwambiri ndiye ine ndimaikamo kamchere ndipo mabisiketi ndimasankha osatsekemera kwambiri, a jinja amakhala bwino zedi.

MayiAKondwani
Kirimu womenya kuno kupezeka kwake ndi mwa mwayi, mtengo wakenso ukhoza kuposa ayisikilimuyo. Ndiyesa njira ya WaKuRandburg. Nanga Oreo akadula, a kirimu pakati opangidwa konkuno angachite?

Chef_Ndirande
Amachita mayi, bola akhale a chokoleti ndipo olimba. Ma Marie ndi ma glucose musayese kusakaniza dzulo lake, ndi opyapyala, amasungunukiramo nkusowa. Amenewo ndi owaza pamwamba. Ndipo zoyera za pakati zija ena amazipala nkuchotsa chifukwa zikazizira zimalimba, ndi shuga ndi mafuta basi si kirimu wa mkaka. Ine ndimachotsa theka.

Dalitso_Area25
Zopalazo muzinditumizira, zimenezo mimba yanga siikana.

WaKuRandburg
Romany Creams. Palibe amene watchula Romany Creams. Chokoleti ndi kokonati, yolimba, siisowa mu ayisikilimu ngakhale patapita sabata. Mayi ngati alipo wobwera pa basi kuchokera ku Joni muuzeni akutengereni mapaketi angapo.

NaBanda_CT
Amenewo ndiye sindikutsutsa. Koma pa basi adzafika paketi ili theka, ndimawadziwa anthu a pa Munorurama ndi njala ya pa Beitbridge.

MayiAKondwani
Alamu anga akubwera pa 20, koma ndi amene angadye kumene. Ndiwauza kuti ndi mankhwala a agogo, amange ndi tepi.